Msika, boma kapena mudzi: ndani amasamaladi mlimi?

Mayi wina wa ku Luchenza, yemwe ndi msungichuma wa kalabu ya alimi a nandolo, watumiza funso ili pa imelo: "Pa wailesi ena akuti boma lichotse dzanja pa malonda, msika uziyenda wokha. Ena akuti ADMARC ibwerere mwakale, boma lizigula ndi kugulitsa zonse. Mwa njira zimenezi, ndi iti imene imasamaladi anthu?"

Zikomo amayi. Njira iliyonse yoyendetsera chuma imasankha zinthu zina n'kuziika patsogolo, zina n'kuzisiya m'mbuyo, ndipo zosiyidwazo pamakhala munthu amene amazilipira. Zimene dziko lililonse limalakalaka n'zodziwika: ufulu wosankha cholima ndi kogulitsa, kugawana mwachilungamo, chitetezo pa nthawi ya njala ndi matenda, kukula kwa chuma, ntchito, ndi mitengo yosakwerakwera. Palibe dziko limene linazigwira zonse pakamodzi. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje njira zonse zitatu, ya makolo kumudzi, ya boma ndi ya msika, zinayesedwapo pa nthaka yomweyi, choncho sitifunika kupita kutali kuti tizione.

Ya makolo inkaika patsogolo chitetezo. Malo ndi a mbumba, mfumu imayang'anira, mkamwini amalima kwa akazi ake, ndipo palibe mwana wamkazi amene amakhala wopanda pogwira khasu. Dongosolo limeneli limayenda bwino malo akakhala ambiri. Malo akatha, chilungamo chomwecho chimasanduka umphawi. Mayi wa ekala imodzi akagawira ana aakazi anayi, aliyense amapeza kotala la ekala. Banja likamadya thumba limodzi lokha la makilogalamu 50 pa mwezi, pa chaka limafuna matumba 12, ndipo kukolola matumba amenewo pa kotala la ekala n'kovuta kwambiri ngakhale muthire feteleza wokwanira.

Kuchepa kwa malo kuno sikunabwere ndi kuberekana kokha. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linapereka zikalata za umwini kwa azungu pa malo aakulu a m'mapiri a Shire, ndipo tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje nthawi yomweyo. Anthu okhala m'maesiteti, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi pogwira ntchito ya thangata, imene inathetsedwa mu 1962. Chuma chimenecho chinaika patsogolo malonda akunja ndi ufulu wa mwini malo. Chinabweretsa mafakitale ndi ntchito zimene zilipo mpaka lero, koma analipira ndi wam'mudzi amene anatsala ndi kamunda m'mphepete mwa tiyi.

Tsopano za boma. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971. Inali ndi misika pafupifupi dera lililonse, mtengo unali umodzi dziko lonse, ndipo m'miyezi ya njala munthu ankadziwa kokagula chimanga. Amene amaikumbukira mwachikondi sakunama. Koma ndalama zoyendetsera zimenezo zinkachokera kwa mlimi yemweyo: fodya, thonje ndi mtedza zake zinkagulidwa pa mtengo wotsika poyerekeza ndi umene zinkagulitsidwira kunja, ndipo phindu lambiri linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani. Lamulo la mbewu zapadera la 1963 linkachititsa kuti mlimi wamng'ono asaloledwe kulima fodya wa bale mpaka m'zaka za m'ma 1990. Chitetezo chinalipo, ufulu ndi umene unaperekedwa nsembe.

Mtengo woikidwa ndi boma uli ndi vuto limene silisintha kaya wolamula ndi ndani. Tiyerekeze kuti pa msika kilogalamu ya chimanga ili pa K1,000 ndipo boma likugulitsa pa K700. Aliyense amathamangira kwa boma, chimanga chimatha, ndiye amayamba kupereka makilogalamu ochepa pa munthu. Kusiyana kwa K300 kuja kumakopa wogula kuti akagulitsenso, ndipo nkhalamba imene singathe kuima pa mzere kuyambira m'mamawa imabwerera chimanjamanja. Ku mbali yogula n'chimodzimodzi. Boma likalengeza mtengo wabwino wa mlimi koma n'kutsegula misika mu Ogasiti, mlimi amakhala atagulitsa kale kwa vendala mu Meyi chifukwa cha fizi ndi ngongole.

Ku Tanzania, Julius Nyerere anapita patali kuposa pamenepa. Atalengeza mfundo za ujamaa, zoti anthu azilima ndi kugawana chuma pamodzi, ku Arusha mu 1967, anthu mamiliyoni anasamutsidwira m'midzi yokonzedwa ndi boma pakati pa 1973 ndi 1976. Sukulu ndi zipatala zinafika kumidzi ndipo odziwa kuwerenga anachuluka kwambiri, koma ulimi unasokonekera ndipo dziko linkagula chakudya kunja. China inatembenuka kuyambira 1978, pomwe mabanja analoledwa kulima paokha n'kugulitsa zotsala akapereka gawo la boma, ndipo zokolola zinakwera m'zaka zochepa. Munthu amalimbikira akadziwa kuti thumba lowonjezeralo ndi lake.

Chimenechi ndicho chabwino cha msika, ndipo tisachinyoze. Kuyambira 1987, pamene amalonda wamba analoledwa kugula zokolola, mlimi amalandira ndalama pompopompo ndipo amasankha yekha cholima. Koma msika umamva munthu amene ali ndi ndalama m'manja, wanjala wopanda ndalama sumumva. Inu a nandolo mukukumbukira 2017: India, amene amagula nandolo wathu wambiri, anachepetsa woitanitsa kuchokera kunja, mtengo unagwa, ndipo palibe amene anali ndi udindo wokupepesani. Pa njala ya 2002, nkhokwe za boma zinapezeka kuti zinagulitsidwa, chimanga chinakwera mtengo kangapo, anthu anafa. Nthochi za ku Thyolo zinatha ndi matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'nthochi ndi mphukira zodwala. Kuti matendawa athe pafunika mudzi wonse uzule zitsa nthawi imodzi ndi kupeza mbewu yoyera. Mlimi mmodzi akazula zake mnansi wake osazula, wataya pachabe. Ntchito yotereyi msika suigwira, imafuna lamulo ndi alangizi.

Tiyi amatiphunzitsanso china. Masamba akathyoledwa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo asanatenthe, ndipo mtengo wa tiyi umatenga zaka zingapo usanayambe kupindula, moti mlimi sangauzule chaka chimene mtengo wogulitsira wagwa. Zotsatira zake, amakhala ndi wogula mmodzi kapena awiri basi. Pamenepo mawu akuti msika waufulu alibe mphamvu, ndipo n'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono a tiyi amakambirana mtengo kudzera m'mabungwe awo, osati aliyense payekha.

Malawi wa lero amasakaniza zonsezi, monga mayiko ambiri. Pulayimale yaulere ya 1994 inaika patsogolo chilungamo, ana anadzaza m'makalasi, koma aphunzitsi ndi zipinda sizinakwane. Feteleza wotsika mtengo anayamba mwamphamvu mu 2005 pansi pa Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2020 thumba linali pa K4,495. Fetelezayu timagula kunja ndi madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lomwelo linafuna makwacha ambiri, ndiye boma limatsala ndi zosankha zowawa: kuchepetsa olandira, kukweza zimene mlimi amalipira, kapena kudula ndalama za alangizi, ulimi wothirira ndi misewu. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera kuno, kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena. Inathandiza amene anapita, koma eni malo ankagulitsa okhawo amene akufuna, choncho malo a kuno kwenikweni sanakhudzidwe.

Maganizo anga ndi awa, amayi. Kugula ndi kugulitsa nandolo, chinangwa kapena nanazi kusiyidwe kwa anthu, chifukwa boma ndi wamalonda wochedwa. Koma nkhokwe ya chimanga cha dziko, kuyeza masikelo, kulimbana ndi matenda a mbewu, sukulu, chipatala ndi nkhani ya malo, zimenezo boma lisazithawe. Wandale akabwera ndi lonjezo, mufunseni kuti mtengo adzaika ndani, ndalama zidzachokera m'thumba la ndani, ndipo mtengo ukagwa adzaluza ndani.

Kalabu yanu ingathenso kudziteteza isanadikire boma. Gulani sikelo yanu n'kuiyezetsa ku Malawi Bureau of Standards, kuti vendala aziyeza pa yanu. Umitsani nandolo bwino, mupete, musankhe wofumbwa, chifukwa wonyowa amachita nkhungu m'thumba ndipo wogula amapezerapo chifukwa chodulira mtengo. Sonkhanitsani katundu pamodzi: matumba 200 a makilogalamu 50 ndi matani 10, okwana kuti wogula wa ku Limbe atumize galimoto, pomwe wa ndowa imodzi amangolandira mtengo umene wauzidwa. Musanagulitse, funsani mitengo kwa ogula atatu ndipo muyerekeze ndi mtengo wotsikitsitsa umene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka chilichonse. Mamembala ofuna ndalama msanga apatseni ngongole kuchokera ku banki m'khonde, katundu wawo akhale chikole, kuti asagulitse mwa njala. Ndipo munda wonse usakhale wa nandolo yekha: siyani mizere ya chinangwa ndi mbatata, chifukwa mtengo wa nandolo umadalira zimene zagamulidwa ku India.