Kodi sitima za ku Beamish n'zakaledi?

Mayi wina wokhala ku Newcastle wanditumizira imelo. Akuti ana awo akulirira kukaona sitima zoyendera malasha ku Beamish, ndiye akufunsa ngati sitimazo zili zakaledi kapena anangozipanga kuti azidyerapo ndalama za alendo.

Mayi, zina n'zakaledi, zina n'zopangidwa motengera zakale, ndipo eni malowo sabisa. Beamish ndi myuziyamu ya panja imene ili ku County Durham ku England, dera lodziwika ndi migodi ya malasha kalelo, ndipo anaiyambitsa mu 1970 motsogozedwa ndi Frank Atkinson. Zinthu sizili m'magalasi ayi. Anamanga mudzi wathunthu, mpaka siteshoni ya Rowley anachita kuigwetsa kwawo n'kudzaimanganso kumeneko.

Pa kanjanji ka Pockerley m'kati mwa Beamish mukapeza injini yotchedwa Puffing Billy. Yeniyeniyo inapangidwa cha m'ma 1813 kuti izikoka malasha ku mgodi wa Wylam, ndipo ili ku Science Museum ku London, siyendanso. Ya ku Beamish ndi yatsopano. Musakhumudwe nazo. Sitima yotere imayenda chifukwa moto umawiritsa madzi m'thanki yotsekeka, nthunzi n'kumakankha zitsulo zozunguza mawilo. Thanki ya zaka 200 mukaikoleza moto ikhoza kuphulika, ndipo mukaisintha ndiye kuti mwataya chakale chomwe mumati mukusungacho.

Imene imandigometsa ine ndi Steam Elephant ya mu 1815, ya ku mgodi wa Wallsend. Imeneyi inatheratu, osatsala ndi gudumu lomwe. Amisiri anaipanganso poyang'ana kwambiri chithunzi chojambula pamanja chimene chinapezeka, n'kuyamba kuyenda mu 2002. Inde, pena anachita kuganizira okha, koma ndi anthu angati angadzutse chinthu chakufa kuchokera pa chithunzi?

Mukafuna chitsulo chakale chenicheni, funsani za Coffee Pot ya mu 1871, kainjini kokhala ndi thanki yoimirira. Imeneyo ndi yomweyo, anangoikonzanso.

Ngati munaonapo sitima yongoima panja pa myuziyamu ya ku Chichiri, mukamvetsa kusiyana kwake utsi ukakulowani m'mphuno. Koma muyambe mwaona pa intaneti ngati sitima imene mukufuna kuonayo ikuyenda tsikulo, chifukwa injini zimenezi zimapumitsidwa kawirikawiri kuti aziunike. Anawo muwaveke zoti zikada musadandaule, mwaye wake susankha.