Amayi, musathire oilo m'chithaphwicho

Mayi ena a ku Area 25 ku Lilongwe anditumizira imelo. Achule a m'chithaphwi cha kuseri kwa nyumba yawo sakuwagonetsa tulo, mwana wawo akufunsa chifukwa chimene chule wina amakhalira pamsana pa mnzake, ndiye akuganiza zothiramo oilo wakutha. Mawu oti oilowo andipweteka mtima.

Amayi, amene akulirawo ndi amuna okhaokha. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala amaitana akazi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake. Wamkazi akafika, wamwamuna amamukwera pamsana n'kumugwira zolimba. Wamkazi amaikira mazira m'madzi, wamwamuna n'kuthira umuna pamazirawo kunja kwa thupi. Achule a khungu lokhakhala aja amaikira mazira ngati mikanda yotunga pa ulusi, pomwe ena amawaunjika pamodzi. Mbululu zimaswa, zimamera miyendo yakumbuyo, kenako yakutsogolo, mchira n'kutha.

Ine ndinakulira pafupi ndi dambo lotsikira ku mtsinje wa Lingadzi. Tinkaona thovu loyera litamatirira panthambi pamwamba pa madzi, anzanga n'kumati ndi malovu a njoka. Agogo ndiwo anandiletsa kuligenda. M'thovumo mumakhala mazira a chule wa mumtengo. Wamkazi amalitakasa ndi miyendo usiku, amuna angapo akuthandiza, ndipo pakapita masiku ochepa mbululu zimagwera m'madzi pansipo. Nanga finye? Iye safuna n'chithaphwi chomwe. Wamwamuna ndi wamng'ono, manja ake ndi aafupi, choncho amamatirira kumsana kwa wamkazi, n'kukumba pansi ali chomatirirana. Ana amatuluka m'nthaka ali kale afinye.

Dambo limenelo lero ndi mipanda ya njerwa yokhayokha, usiku kuli zii. Tinagawana madambo ngati mapuloti, tikukumba mchenga m'mitsinje, ndiye Lingadzi atasefukira mu February 2017 n'kugwetsa nyumba ku Mtandire tinkadabwa chiyani? Dambo ndi limene limasunga madzi. Ndikunena mosabisa, wokwirira dambo walakwira mudzi wonse, osati achule okha.

Nanga muchite chiyani?

Oiloyo apha mazira ndi mbululu, alowa m'nthaka, mwinanso afike pachitsime. Phokosolo lichepa akamaliza kuikira. Ngati nkhawa ndi udzudzu, tayani madzi a m'zitini ndi m'matayala, muzigona m'neti. Mwanayo mupite naye m'mawa akaone mazirawo, mumuuze zoona.