Wosewera wosamuka koleji: tiziyang'ana chiyani?

Wowerenga wina wanditumizira imelo ndi funso ili: mnyamata amene amamwetsa mapointi 20 pa gemu ku koleji yaing'ono ku America akasamukira ku timu yaikulu ya basketball, tingadziwe bwanji kuti akachita bwino?

Achimwene, funsoli likuwasowetsa tulo ngakhale makochi. Chiyambire 2021, pamene NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, inalola wosewera kusamuka n'kuyamba kusewera pompo osadikira chaka, matimu ambiri akumangidwa ndi anyamata ochokera kwina.

Langizo langa ndi lakuti mapointi muziwaona pomaliza. Ku timu yaing'ono mnyamata waluso amapatsidwa mpira nthawi zonse, amaponya mmene akufunira, ndipo omutchinga amakhala aafupi komanso ochedwa. Akafika ku ma ligi akuluakulu a makoleji ngati SEC kapena Big Ten zonsezi zimatha. Inde, Dalton Knecht anachoka ku Northern Colorado akumwetsa pafupifupi 20, n'kukapitirira pamenepo ku Tennessee mpaka kusankhidwa wosewera wopambana mu SEC mu 2024. Koma a Knecht ndi ochepa, musamangirepo chiyembekezo.

Funsani kuti ndi luso liti limene munthu amasamuka nalo. Free throw, mpira woponya mwaulere mdani akakulakwira, ndi imodzimodzi kulikonse, palibe wokutchinga, choncho imaulula dzanja lenileni la woponya. Walter Clayton Jr. ali ku koleji yaing'ono ya Iona ankamwetsa ma free throw oposa 90 pa 100 aliwonse, ndipo mu 2025 anatsogolera Florida kutenga chikho cha makoleji a mu America monse. Kutola ma rebound, mipira yobwerera woponya akaphonya, nakonso sikutsalira m'mbuyo. Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi, ku DRC, ankatola kale ku West Virginia. Atapita ku Kentucky anafika pa 15 pa gemu mu 2022.

Chimene ambiri amachinyalanyaza, ndipo chimandiwawa chifukwa chimaononga tsogolo la ana aluso, ndi ntchito imene kochi watsopano akamupatse. Kodi mnyamata wozolowera kukhala ndi mpira avomera kuima pakona kudikira? Cam Spencer anavomera kugawana mpira ndi anzake ku UConn (yunivesite ya Connecticut), ndipo anatenga nawo chikho mu 2024.

Masamba a pa intaneti ngati KenPom ndi Bart Torvik amaonetsa mphamvu za matimu amene munthu anakumana nawo. Pezani magemu ochepa amene koleji yake inasewera ndi matimu akuluakulu mu November ndi December, muwaonere nokha, makamaka mmene amatchingira mpira ukakhala kwa adani.