Kodi zidole za pa foni zingamuphunzitse mwana Chingerezi?

Mayi wina wa ku Nchalo wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wa zaka 4 amakonda kuonera zidole zoyankhula ndi kuyimba m'Chingerezi pa foni ya bambo ake. Nyimbozo amaziloweza bwinobwino, koma ukamufunsa tanthauzo amangokuyang'ana. Ndiye akufunsa kuti: akuphunziradi kapena tikungotha bandulo? Nanga tisiye kumuyankhula Chisena kuti Chingerezi chilowe msanga?

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lophweka. Musasiye. Ana a m'chigwa muno amakula ndi Chisena kapena Chimang'anja pakhomo, kumsika ndi kusukulu n'kumayankhula Chichewa, ndipo mutu suwasokonekera. Chinenero chachitatu malo ake alipo.

Za zidolezo, zimathandiza ndithu, ndipo si zachilendo. Pulogalamu ya Sesame Street inayamba ku America mu 1969, ndipo anaikonza dala pamodzi ndi akatswiri a maphunziro kuti ana aang'ono aphunzire zilembo, manambala ndi mawu. Ku South Africa anapanga yawo, Takalani Sesame, mu 2000, n'kulowetsamo zinenero za kwawoko. Chinsinsi chake n'chakuti chidole chimayankhula pang'onopang'ono, chimabwereza mawu amodzimodzi osatopa, ndipo chikamatchula chinthu chimakhala chachigwira m'manja. Mwana saopanso kuti chimuseka akaphonya.

Koma chidole cha pa foni sichimumva mwana wanu. Iye akayankha, icho chimangopitiriza zake. N'chifukwa chake wanuyo waloweza kamvekedwe ka nyimbo koma mawu sanawalumikize ndi zinthu za pakhomo. Ntchito yolumikizayo ndi yanu, ndipo sikufunika kuti mukhale ndi satifiketi ya Fomu 4. Nyimbo ikatchula "cup", madzulo pomwa madzi mumutume kuti "bring the cup". Ikakhala yotchula ziwalo za thupi, yimbani naye pomusambitsa, mukugwira mutu, mphuno, mawondo.

China chimene chimandisowetsa mtendere ndi mawu a m'mapulogalamu akunjawa. Mwana wa ku Nchalo, kumene mwezi wa Okutobala dothi limawotcha mapazi, aziyimba za "snow"? Mawu ngati amenewo adzawapeza m'tsogolo. Panopa asankhireni amene aziwaona kukacha: goat, sugarcane, bicycle, river, water, hot. Foni ikapanda mawuwa, tengani sokosi yakale, musokerepo mabatani awiri ngati maso, muivale kudzanja. Ipatseni dzina ndi liwu lake, ndipo ikhale yomva Chingerezi chokha. Mudzaona mwana akuyesetsa kuti "mlendoyo" amumve. Achimwene ake a ku pulayimale angathenso kumaiyendetsa, nawonso apindula.

Za bandulo musavutike nazo. Mwana wamng'ono safuna zatsopano tsiku lililonse. Nyimbo imodzi sabata yonse imamupindulira kuposa makumi awiri ongodutsa. Ikani zochepa pa memori khadi, anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika angakuthandizeni, koma muyambe mwazionera nokha chifukwa ena amasakanizamo zosayenera ana. Aonere kanthawi kochepa, inu muli pambali, kenako foni ibwerere kwa eni ake.

Akayamba kuphatikiza zinenero, monga kunena kuti "ndipaseni water", musamukalipire. Mupatseni madziwo, inu n'kunena chiganizo chonse m'Chingerezi kamodzi kokha, basi.