Kukwatitsa chimanga cha mbuliuli ndi chimanga wamba: n'chifukwa chiyani njere zasiya kuphulika?

Wowerenga wina watumiza imelo. Akuti anafuna kuti chimanga chake cha mbuliuli chizibereka zitsononkho zikuluzikulu ndiponso chisamagwe ndi mphepo, choncho anachikwatitsa ndi chimanga wamba cha mtundu wa denti, chimene njere zake zimachita kadzenje pamwamba. Atathira mungu wa denti pa ndevu za chambuliuli, zitsononkho zinatuluka zopanda njere. Atatembenuza, mungu wa chambuliuli pa denti, njere zinagwira bwino, koma mbewu yochokera pamenepo ikungong'ambika mumphika osatupa. Akufunsa ngati pali jini (kachigawo ka chibadwa kolamulira khalidwe) imodzi ya kuphulika imene waitaya, ndi momwe angaibwezere.

Jini imodzi yotere palibe. Koma tiyambe ndi zitsononkho zopanda njere zija, poti pamenepo ndiye pakugwiradi ntchito jini yodziwika. Mitundu yambiri ya chambuliuli ili ndi jini yotchedwa Ga1-s, pa chromosome 4 (ma chromosome ndi timaulusi ta m'maselo tonyamula majini). Chomera chimene chinailandira kwa makolo onse awiri, ndevu zake zimatsekereza mungu wopanda jiniyi: mungu umamera, koma kachubu kake kamaima panjira kasanafike pa dzira. Chimanga chambiri cha denti chilibe jiniyi, n'chifukwa chake mungu wake unakanidwa. Mbali inayo njira ndi yotseguka. Ndiye simunalakwitse kanthu, ndipo pokwatitsa mitundu iwiriyi denti ndiye azikhala mayi.

Tsopano za kuphulika. Njere ikatentha kufika pafupifupi madigiri 180, madzi a mkati amasanduka nthunzi imene ilibe potulukira, ndipo mphamvu yake imafika kuwirikiza ka 9 kapena 10 ya mpweya wotizungulira. Sitachi imafewa ngati phala. Khungu likang'ambika, phalalo limafufuma n'kuuma nthawi yomweyo. Kuti zimenezi zitheke pafunika khungu lokhuthala losadontha nthunzi, komanso mkati mwa njere mochuluka sitachi yolimba, yowala ngati galasi. Denti ali ndi sitachi yofewa yambiri pakati mpaka pamwamba, pamene pamachita kadzenje paja, ndipo khungu lake limatulutsa nthunzi msanga. Makhalidwe amenewa amalamulidwa ndi majini ambiri omwazikana pa ma chromosome osiyanasiyana, iliyonse ikuwonjezerako pang'ono chabe.

Mawu akuti "kuwonjezerako" ndiwo mutu wa nkhani yonse. Pa zokolola, haibulidi imaposa makolo ake onse awiri, chifukwa majini amphamvu a kholo lina amaphimba ofooka a linzake. Pa kuphulika sizitero kwenikweni. Mwana amagwera chapakati pa makolo ake. Mukakwatitsa kholo lophulika bwino ndi lina losaphulika, musayembekezere kuti labwinolo likoka linzake. Mupeza mbewu yapakatikati, yosagulitsika ngati mbuliuli. N'chifukwa chake opanga haibulidi ya chambuliuli amaonetsetsa kuti makolo onse awiri ndi ophulika bwino paokha. Ubwino wake ndi wakuti khalidwe lotere limamvera kusankha: mukamasunga zitsononkho zophulika kwambiri m'badwo uliwonse, mbewu imakwera ndithu.

Pali china chimene chimasokoneza ambiri. Njere imodzi ili ndi zigawo zitatu za chibadwa chosiyana. Khungu ndi thupi la mayi, mungu sulikhudza n'komwe. Gawo la sitachi limatenga magawo awiri kwa mayi ndi limodzi kwa bambo. Mtima wa njere, umene udzamere, ndi theka ndi theka. Choncho njere zimene munakolola pa chitsononkho cha denti chija zinali ndi khungu la denti lenileni, ndipo kuziyesa mumphika sikukanakuuzani kanthu. Khungu la mwanayo mumadzaliona pa njere zimene iyeyo wabereka, m'badwo umodzi pambuyo. Mukaphulitsa njere za chitsononkho chimodzi, pa nkhani ya khungu mukuyesa chomera chimene chinabereka chitsononkhocho, osati ana ali m'njeremo.

Ndiye muchite chiyani? Mubwerere kwa kholo la chambuliuli kawiri. Mwana woyamba ali ndi theka la chibadwa cha chambuliuli. Mukamukwatitsanso ndi kholo lomwelo zimafika maperesenti 75, kachiwiri 87.5. Kubwerera kamodzi kokha kawirikawiri sikubweza kuphulika mokwanira, ndipo mukabwerera kanayi kapena kasanu phesi lolimba lomwe munkalifuna lija limakhala litasungunuka. Pa kubwerera kulikonse dzalani zomera zambiri, mazana angapo ngati malo alipo, musankhe m'munda zoima chilili, kenako pakati pa zimenezo musankhe ndi mphika. Mukatha kubwerera kachiwiri, yambani kuthira chomera chilichonse mungu wake womwe, kwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, kuti mzere, kutanthauza mbewu yochokera ku chomera chimodzi, ukhazikike. Vekani chitsononkho kathumba ndevu zisanatuluke, ngayaye muiveke pepala dzulo lake, muthire mungu m'mawa mame atauma.

Dziwiranitu kuti zokolola ndi kuphulika zimakokana. Zomera zobereka kwambiri, za njere zikuluzikulu, nthawi zambiri ndi zomwe zili ndi sitachi yofewa yochuluka. Mukamasankha ndi maso okha, dzanja limathamangira chitsononkho chachikulu, ndipo mudzapeza kuti mbewu ikubwerera kumbali ya denti. Ine ndimalangiza kuika malire a kuphulika poyamba, chilichonse chosafika chichoke ngakhale chikongole bwanji, ndiyeno zokolola muzisankhe pakati pa zotsalazo.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera: kuyeza. Kuphulika kumayezedwa ndi mamililita a mbuliuli pa galamu imodzi ya njere. Makampani amagwiritsa ntchito makina otchedwa Metric Weight Volume Tester, amene amalandira magalamu 250, ndipo haibulidi zabwino zimafika 40 kapena kupitirira. Inu ndi chitsononkho chimodzi mutha kuyeza magalamu 30, n'kuthira zophulikazo mu silinda ya mamililita 2000. Zikafika pa 900, ndiye kuti 30 pa galamu. Werenganinso njere zokana kuphulika. Mphika, mafuta, moto ndi nthawi zikhale zofanana kwa zonse, ndipo muziphulitsako mbewu imodzi yodziwika pakati pa zoyesazo kuti muone ngati moto wasintha. Manambala anu musawafanizire ndi a makina aja, afanizireni okhaokha.

Koma zonsezi n'zachabe ngati chinyezi chasiyana. Njere zimaphulika bwino pa maperesenti 13 mpaka 14.5. Zikauma kwambiri nthunzi imachepa, zikanyowa mbuliuli zimakhala zazing'ono ndi zotafuna ngati mphira. Chitsononkho cha majini abwino chouma kwambiri chidzagonja kwa choipa chimene chili pa chinyezi choyenera, inu n'kutaya cholondola. Njira yosafuna makina ndi iyi: sungunulani mchere m'madzi mpaka wina utsale pansi osasungunuka, ikani mbale ya madziwo m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi njere zili m'timatumba ta nsalu, zisakhudze madzi. Mpweya wa m'menemo umakhazikika pa chinyezi cha maperesenti 75, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi njere zonse zimakhala zafanana, pafupi ndi mlingo wofunikawo. Tonolani njere ndi manja, chifukwa kamng'alu kosaoneka pa khungu kamatulutsa nthunzi. Umitsani pang'onopang'ono pamthunzi, poti kutentha kwambiri kumang'amba sitachi mkati. Chotsani njere za kunsonga ndi kutsinde, muyese zapakati. Ndipo musaphulitse chitsononkho chonse: theka lisungidwe ndi nambala yake, chifukwa njere yoyesedwa siidzalidwanso.

Sankhaninso maonekedwe msanga. Pali mbuliuli zamapiko ngati gulugufe, zofewa ndi zodzaza malo ambiri, ndi zobulungira ngati bowa, zosaphwanyika pozipaka shuga. Zimenezinso ndi zachibadwa, ngakhale kutentha kwa mphika kumazisinthako, ndipo zobulungirazo zimapereka mamililita ochepa. Mukangotsata nambala yokha, mudzathera ku zamapiko.

Pomaliza bwererani ku Ga1-s ija. Poti mwalowetsa magazi a denti, mizere ina yatsopano ingakhale itataya chitetezocho. Yesani: pa zomera zingapo za mzere uliwonse, thirani mungu wa denti pa chitsononkho chovekedwa kathumba. Chikadzaza njere, mzerewo ndi wotseguka, ndipo podzala mbewu yake mudzafunika kutalikira chimanga china ndi mamita 200 kapena kuposa, apo ayi kusiyanitsa nthawi yodzala ndi masabata atatu kapena anayi kuti ngayaye zisakumane.