Mota yamagetsi pa boti la matanga ku Cape Town

Achimwene, mwati abwana anu ku Cape Town akufuna kuzula injini ya dizilo yomwe yafa m'boti lawo la matanga, la mamita 10, n'kuikamo mota yamagetsi, ndipo mukufunsa ngati n'zanzeru. N'zotheka ndithu, koma muyambe mwawafunsa kuti injiniyo amaifunira chiyani kwenikweni.

Ngati ndi yongotulukira padoko ndi kulowerapo, kwinako n'kumayendera matanga, aike mota asakayike. Ilibe phokoso, ilibe utsi, palibe zosintha oyilo ndi mafyuluta, ndipo inu amene mumagwada m'kachipinda ka injini kukonza zinthu mudzapumako.

Pagona nkhani ndi pa batire. Lita imodzi ya dizilo imasunga mphamvu pafupifupi 10 kWh (mayunitsi 10 a magetsi). Yambiri imathera m'kutentha, yofika kupropela, chozungulira chomwe chimakankha madzi, imakhala ngati 3 kWh. Ndiye kathanki ka malita 40 kali ndi mphamvu yogwira ntchito yokwana 120 kWh. Kuti yomweyo isungidwe m'mabatire a lithium a mtundu wa LFP, omwe sagwira moto chisawawa, pakufunika katundu wolemera pafupifupi tani imodzi. Boti laling'ono chotero lingalemedwe, osanenanso za mtengo wake. Choncho batire lomwe angaike lidzakhala laling'ono, ndipo madzi salola changu: mukafuna kuwirikiza liwiro kawiri, mphamvu yofunika imakwera pafupifupi ka 8. Batire lomwe likanakuyendetsani maola angapo mwapang'onopang'ono limatha msanga kwambiri mukakankha ndodo ya liwiro mpaka kumapeto.

Apa mpamene ndikuda napo nkhawa, chifukwa nyanja ya kwanuko si yamasewera. Mphepo ija amaitcha Cape Doctor ikauka m'chilimwe, munthu amatha kulimbana nayo maola ambiri, mafunde akumenya kutsogolo, kuti akafike padoko. Nthawi yoteroyo sungasankhe kuyenda pang'onopang'ono. Wa dizilo amathira chigubu china n'kupitirira. Wa batire likatha, latha basi, ndipo m'botimo muli anthu.

Ogulitsa adzawauza kuti boti likamayenda ndi matanga, madzi amazunguza propela, mota n'kusanduka jenereta yochaja batire. N'zoona, kampani ya Oceanvolt ya ku Finland imapanga makina otero. Koma magetsi ake amachuluka boti likamathamanga, ndipo boti laling'ono lolemera silithamanga kwambiri. Mu 2020, katswiri wa maulendo apanyanja Jimmy Cornell adanyamuka ku Seville, ku Spain, pa boti lotchedwa Aventura Zero, akufuna kuzungulira dziko osawotcha mafuta n'dontho lomwe. Adalekera pa chilumba cha Tenerife, chifukwa magetsi opangidwa panjira sankakwanira zonse zofunika m'botimo. Masola amathandiza, koma pa boti la mamita 10 malo oikapo ndi ochepa, ndipo matanga amawachititsa mthunzi.

Taonani kumene magetsi apambana. Ku Norway, sitima yamagetsi ya Ampere idayamba mu 2015 kuwolotsa magalimoto okwana 120 pamodzi ndi anthu pakati pa Lavik ndi Oppedal. Ulendo wake ndi wa makilomita 6 basi, mphindi 20, ndipo ikangokocheza amaichaja kwa mphindi 10 magalimoto akutsika ndi kukwera. Njira ndi yomweyomweyo tsiku lililonse, mtunda ndi wodziwika, chaja ikudikira tsidya lililonse. Boti la abwana anu likamayenda motero, kutuluka m'mawa n'kubwerera madzulo padoko lomwe lili ndi magetsi, mota idzawakomera.

Ndiye chitani izi. Tsegulani buku la maulendo a botilo muone ulendo womwe injini idalira nthawi yayitali kuposa ina yonse, ndipo batire ayezere pa ulendo umenewo, osati pa tsiku labata. Ngati amalota zopita ku Mossel Bay kapena ku Durban, aike injini ina ya dizilo, apo ayi mota ikhale ndi jenereta ya mafuta ya m'maboti pambali pake. Akasankha mota, ikhale ya mavoti 48 (48 V), mabatire akhale pansi chapakati pomwe madzi sangafike, ndipo mawaya alumikize munthu wodziwa zamagetsi a m'maboti, chifukwa madzi amchere amadya polumikizira paliponse pomwe sipadatsekedwe bwino. Auzeninso a inshuwalansi ntchito isanayambe.