Malipenga akalanda malo a woyimba

Kalata ya sabata ino yandikumbutsa zakale. Mayi wina akuti amuna awo anagula chimbale cha malipenga okhaokha oyimba nyimbo za m'masewero a operetta (zisudzo zopepuka za ku Ulaya zosakaniza kuyimba ndi kuyankhula), koma iwo akamamvera amangoona ngati kunja kukudutsa perete. Akufunsa ngati vuto ndi makutu awo.

Mayi, makutu anu alibe mlandu. Ine ndinakulira pafupi ndi bwalo lomwe bandi ya apolisi inkakonzekererapo za pa 6 July. Lipenga kwa ine linali nsapato zonyezimira, chimng'oma chachikulu, ife ana tikuthamanga m'mbali fumbi lili koboo. Nditabwera ku Leeds, ku England, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, agogo ena omwe ndinkawasambitsa anandibwereka kaseti ya bandi ya kumudzi kwawo. Kuno ku Yorkshire mabandi otere ali m'magazi. Ya Black Dyke ku Queensbury inayamba mu 1855 ndi anthu a pafakitale ya nsalu. Pakasetipo panali nyimbo yotsegulira Die Fledermaus, sewero la Johann Strauss lomwe linaonetsedwa koyamba ku Vienna mu 1874. Ndinaimvera katatu, osandikoma. Agogowo atandifunsa ndinanama, ndinati ndi yabwino zedi.

Chomwe chinkandisowetsa mtendere ndinachizindikira patapita zaka. Gule wa waltz amagunda katatu, ndipo a ku Vienna kugunda kwachiwiri amakufulumizako pang'ono, mpaka wovina amakhala ngati akutsetsereka. Tsono ikani anthu 25 a malipenga, ma tuba akuluakulu ali kumbuyo. Kutsetsereka kuja kumasanduka mgugu wa jombo. Palinso mpweya. Wa vayolini sapuma, uta umangopita n'kubwerera, pomwe wa cornet, lipenga laling'ono la mawu okwera, amayenera kuba mpweya pakati pa mzere. Mukavala mahedifoni mumumva akukoka.

Ndikudziwa chifukwa ndinayesapo cornet kutchalitchi. Miyezi iwiri yokha, milomo inatupa ngati yalumidwa ndi mavu, aneba akumenya khoma. Ndinakaibweza ndekha.

Ndiye ndinene mosapsatira: nyimbo zachikondi za Franz Lehár, monga za mu Die lustige Witwe ya 1905, asamazipereke kwa malipenga. Zinalembedwera pakhosi pa munthu, ndipo mawu akachoka pamatsala chigoba. Euphonium yokha, lipenga lalikulupo la mawu otsika, ndimaikhululukira, chifukwa imalira ngati bambo wa besi wa kwaya amene wadya bwino. Okonza nyimbo ambiri ndi aulesi, amangotenga mzere wa vayolini n'kuupachika pa cornet basi. Akanaphunzira kwa anyamata a gule wa malipenga ku Nkhata Bay. Iwo anaona mabandi a asilikali a King's African Rifles, anatola zikho, n'kupanga chinthu chawochawo chomveka ngati zikho.

Nanga muyambire pati?

Pezani chimbale cha nyimbo za sewero la West Side Story chomwe anajambula a Philip Jones Brass Ensemble, gulu la ku London lomwe linakhalapo kuyambira 1951 mpaka 1986. Anazikonzera malipenga ndi Eric Crees, woyimba trombone, lipenga lokoka. Leonard Bernstein polemba seweroli, lomwe linatuluka mu 1957, anali ataikamo kale malipenga olalata ndi magule a ku Latin America, choncho palibe chokakamiza. Mvetserani momwe ma trombone akukanganirana ndi malipenga apamwamba, ngati magulu awiri a anyamata pamsewu. Kenako sakani Mnozil Brass pa YouTube, amuna asanu ndi awiri a ku Vienna. Amenewo akafika pofuna mawu amaika zida pansi n'kuyimba pakamwa.

Chimbale cha amuna anucho musachitaye. Chisungireni Loweruka m'mawa pokolopa.